Asanakudule Diso, Dokotala Ayambe Wayeza

Abale athu ambiri ochokera ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amene akukhala ku Mtsiliza mu Lilongwe amalidziwa bwino fumbi la mwezi wa Okutobala. Ana amayabwidwa m'maso, natikita usana ndi usiku mpaka maso kufiira. Makolofe timangoti zitha mvula ikagwa.

Koma kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kamene madokotala amakatcha cornea. Kuchindikala kwake ndi theka la milimita basi. Mwana akamatikita kwa zaka zambiri, kachikopaka kamatha kupyapyala ndi kusongoka ngati nsonga ya chulu. Matendawa dzina lake ndi keratoconus, ndipo amakonda kuyamba mwana akamasinkhuka. Magalasi amasinthidwa kawirikawiri, koma pa bolodi saonabe bwino.

Mnyamata wotere akakula natopa ndi magalasi, amamva za opaleshoni ya laser yotchedwa LASIK, imene ena amaitsatira ku Johannesburg kapena ku India. Apa ndiye pamene tikuti chenjerani. Laser imapala kachikopa komweko kuti diso lione bwino. Kupala pamene papyapyala kale ndi kuononga diso, ndipo chopalidwa sichibwerera.

N'chifukwa chake dokotala wosamala amayamba wajambula mapu a cornea. Nzeruyi ndi yakale: mu 1880 Antonio Placido wa ku Portugal ankaunika diso ndi mbale yolembedwa mizere yozungulira, n'kumaona ngati mizereyo ikupindika. Makina a lero, monga Pentacam, amayeza kutsogolo, kuseri ndi kuchindikala komwe. Kuseriko n'kofunika, pakuti nthawi zina matenda amayamba kuonekera kumeneko.

Komatu makina amanama ngati diso silinakonzeke. Wovala timagalasi tomata m'diso ativule sabata imodzi kapena ziwiri asanayezedwe, ndipo tikakhala touma, masabata atatu kapena kuposa. Diso louma limasokoneza chithunzi, choncho wodwala amauzidwa kuphethira kenako n'kuyang'anitsitsa kadontho kowala osagwedezeka. Chithunzi chikapanda kutuluka bwino, ajambulenso. Musachite manyazi kufunsa. Maso onse awiri ayezedwe. Wodwala akhale wa zaka 18 kapena kuposa, ndipo mphamvu ya magalasi ake ikhale isanasinthe kwa chaka chathunthu.

Kwa mwana wotikita m'maso, poyambira ndi ku chipatala cha maso cha Lions Sight First pa Kamuzu Central, kapena ku Nkhoma. Pitani ndi magalasi ake onse akale kuti dokotala aone mmene mphamvu yakhala ikusinthira.