ULENDO WA KU NORWAY: NTHAWI YONYAMUKA NDI KAMBA WA PA NJIRA

 M'phunziro la lero tidzanyamuka pa Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi m'boma la Katete, ndi kupita m'maganizo ku Norway, dziko la kumpoto kweni-kweni kwa Ulaya. Anthu ena a kuno kwathu amapita ku maiko otere kukaphunzira, kukakhala pa misonkhano kapena kukaona abale, ndipo mwina tsiku lina wopitayo adzakhala inu. Ulendo wotere umakonzedwa caka cimodzi kapena ziwiri usanacitike, ndipo woukonza ayenera kuyang'ana nyengo za maiko awiri, lathu ndi la eni ake.

Tiyambe ndi nyengo. Ife tiri kum'mwera kwa Equator, koma Norway ali kumpoto, cotero nyengo zathu ndi zao zimasemphana. Pamene ife tiotha moto m'Juni ndi m'Julaye, iwo ali pakati pa nyengo yofunda. Pamene ife tiri kubzala cimanga m'Disembala, kwao kumagwa cipale cofewa ndipo madzi a m'madambo amaundana. Usana wa ku Katete susintha kwambiri, umakhala wa maola 11 kufikira 13 caka conse. Koma mu mzinda wa Oslo, likulu la Norway, usana umapitirira maola 18 kumapeto kwa Juni, ndipo kumapeto kwa Disembala umangokhala wa maola 6. Ku Tromsø, mzinda wa kumpoto kwake, dzuwa silituluka konse kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira pakati pa Januwale.

Tsopano yang'anani kalendala yathu. Mlimi wa ku Sinda kapena ku Vubwi amagwira ndalama atagulitsa cimanga, nshawa ndi thonje, kuyambira m'Juni. Tsoka lake ndi lakuti m'Julaye anthu ambiri a ku Norway amakhala pa chuthi, alendo nawo amacuruka, motero mitengo ya malo ogona imakwera. Disembala ndi woipa koposa, pakuti kuno ndi nthawi ya mbeu, feteleza ndi kupalira, matikiti a ndeke amadula cifukwa ca Khrisimasi, ndipo wa paulendo ayenera kugula zobvala zocindikala zimene sadzazibvalanso akabwera. Miyezi yabwino ndi Meyi ndi Sepitembala, pamene usana uli wokwanira ndipo alendo ali ocepa. Mphunzitsi, amene sangasiye ana m'kalasi, angasankhe chuthi ca Ogasiti, popeza masukulu a ku Norway amatsegulidwa pakati pa mweziwo ndipo piringu-piringu amayamba kucepa. Koma adziwiretu kuti mwambo wa Kulamba, umene umacitika pa Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, ungampite caka cimeneco. Walira mvula walira matope.

Kodi n'cifukwa ninji zinthu ziri zodula ku Norway? Dzikoli liri ndi anthu oposa pang'ono mamiliyoni asanu ndi theka. M'caka ca 1969 anapeza mafuta pansi pa nyanja pa malo ochedwa Ekofisk, ndipo cuma ca dziko cinakula kwambiri. Malipiro a anchito ndi okwera, cotero cinthu ciri conse cofuna manja a munthu, monga kukuphikirani, kukumetani kapena kukunyamulani pa galimoto, cimadula. Boma limatenganso msonkho wa 25 peresenti pa katundu wambiri ndi 15 peresenti pa cakudya ca m'masitolo. Ndalama yao imachedwa krone, ndipo mtengo wake pa kwacha umasintha-sintha, conco funsani ku banki musanalembe masamu anu, ndi kufunsanso ulendo utayandikira.

Polemba ndondomeko ya ndalama, yambani ndi za pakhomo. Patulani za feteleza, za cakudya ca banja ndi za zosowa za ana a sukulu, ndipo zimenezo musazikhudze. Munthu amene wadya ndalama za munda pa ulendo wa milungu iwiri amabweretsa njala ya caka cathunthu.

Caciwiri ndi makalata. Pafunika pasipoti yokhala ndi moyo miyezi itatu kupitirira tsiku lobwerera. Pafunikanso viza, cilolezo colowera m'maiko a pangano la Schengen, limene Norway analowamo mu 2001. Kuyambira mu Juni 2024 viza ya munthu wamkulu imalipidwa mayuro 90, ndipo ndalamazi sizibwezedwa ngakhale akukanizeni. Mufunikanso inshuwalansi ya matenda yofika mayuro 30,000, ndi umboni wa kumene mukagone ndi ndalama zimene mukadye. Pempho lingaperekedwe miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndipo yankho kawiri-kawiri limatenga masiku 15. Musadikire mlungu wotsiriza.

Cacitatu ndi mayendedwe. Kucokera ku Katete kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East pali makilomita pafupi-fupi 500, ndipo mwina mudzayendapo kangapo cifukwa ca makalata aja. Lembani mtengo wa basi, cakudya ndi malo ogona pa ulendo uli wonse. Pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda palibe ndeke yolunjika ku Oslo, mudzasintha ndeke ku Addis Ababa, ku Doha kapena ku Dubai. Tikiti yogulidwa miyezi ingapo nthawi isanakwane nthawi zambiri imachipa. Mukatsika pa bwalo la Gardermoen mudzakhala mukadali pa makilomita 50 kucokera mu mzinda, ndiye ikaniponso ndalama ya sitima kapena basi.

Cacinai ndi kamba wa tsiku ndi tsiku. Apa tsanzirani eni dziko. Iwo amanyamula buledi wao popita ku nchito ndi ku sukulu, ndipo amamwa madzi a pa mpope, amene ali abwino. Gulani cakudya m'sitolo ndi kudziphikira, koma kumbukirani kuti masitolo ambiri amatseka pa Sondo. Anthu kumeneko amalipira ndi khadi la banki pafupi-fupi pali ponse, cotero konzani khadi lanu musananyamuke. Potsiriza, pa ciwerengero conse onjezani gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi.

Ana inu, nayi nchito yanu. Manambala awa ndi a citsanzo cabe. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina afuna K60,000 ya ulendo wonse. Pa nshawa ndi thonje wapeza K24,000 atapatula kale za pakhomo. Zotsalazo afuna kuzisunga m'miyezi 18. Kodi azisunga zingati pa mwezi? Nanga akaonjeza gawo la zamwadzidzidzi, ndalama zonse zidzakhala zingati? Aphunzitsi, thandizani ana kulemba miyezi 12 pa bolodi, mbali ina nyengo ndi nchito za kuno, mbali ina nyengo za ku Norway, kuti asankhe okha mwezi wonyamuka ndi kunena cifukwa cake. Tsalani bwino mpaka phunziro likudzalo.