Pasipoti ili m'manja, koma awerenge ndani?

Pa doko la Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, mawu oti "kutsidya kwa nyanja" ali ndi matanthauzo awiri. Lakale ndi lokwera boti, kudutsa chilumba cha Chisi mpaka kukafika ku Chinguma kapena ku Ngotangota, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Lamasiku ano ndi la maiko ofikako pandege monga Israel ndi Oman. Pakati pa awiriwa pali ku Joni, komwe munthu safunika kuwoloka nyanja koma ndi komwe anyamata ambiri amalota.

Ulendo wa paboti umangofuna ndalama yokwerera basi. Maulendo enawa ndi a mapepala okhaokha: chiphaso cha unzika, fomu yofunsira pasipoti, chidindo cha pachipata, tikiti, kalata ya mgwirizano wa ntchito. Vuto ndi loti ena mwa omwe amanyamula mapepalawa satha kuwerenga zomwe zalembedwapo.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 69 ndiwo amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Otsalawo sali m'tauni kwenikweni ayi. Ali m'madera ngati a m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, komwe mnyamata amatha kusiyira sukulu panjira n'kukakhala miyezi m'zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pamadzi, kaamba koti matemba amapereka ndalama lero lomwe pomwe sukulu imalonjeza za mawa.

Koma Chilwa si nyanja yoidalira moyo wonse. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Idauma mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu idasanduka matope ong'ambika, mabwato ali gonegone pamtunda. Matemba, makumba ndi milamba zikasowa, msodzi amayamba kufunsa za mtengo wa basi ya ku Joni. Mnyamata uja adathawa sukulu chifukwa cha nsomba ndi yemweyo amene tsopano akuyenera kudutsa zipata za Mwanza, Nyamapanda ndi Beitbridge ndi mapepala omwe sangawawerenge.

Nkhaniyi si ya lero. Agogo ambiri a m'boma la Zomba adapita kumigodi ya golide kudzera ku Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Dzinali lidatsalira pa depoti ya basi mumzinda wa Blantyre. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100 000 ankagwira ntchito m'migodiyo. Wosadziwa kulemba ankangodinda chala pa mgwirizano, ndipo kalata yopita kwa mkazi wake ankamulembera mnzake. Kumudzi nakonso ankaiwerenga ndi mphunzitsi kapena mwana wasukulu. Chinsinsi cha m'banja chinkadutsa m'maso mwa anthu awiri apadera chisanafike kwa mwini wake.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 omwe ankabwerera kumudzi adafa. Dr Hastings Kamuzu Banda adaimitsa ulendo wa kumigodi. Udayambanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, lomwe lidatipatsa mawu oti "kutheba", mpaka pomwe udatha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pa mkangano wokhudza kuyeza kachilombo ka HIV.

Mapepala a nthawi imeneyo lero ndi ndalama. Makampani a migodi ya golide adagwirizana mu 2018 zopereka chipukutamisozi cha ndalama zokwana R5 biliyoni kwa omwe adadwala chifuwa chachikulu kapena matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la m'migodi. Bungwe la Tshiamiso Trust, lomwe limayendetsa ndalamazi, limaona omwe adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019, ndipo limafuna umboni woti munthu adagwiradi. Kapepala komwe banja lidakolezera moto kapena kukulungira fodya poganiza kuti n'kachabechabe kakhoza kukhala kamene kadali ndi nambala ya agogo ya kumgodi.

Tsono sukulu za kwacha zili pati pa zonsezi?

Maphunziro a anthu akuluakulu si achilendo ku Zomba. Boma la atsamunda lidayesa ntchitoyi ku Mponela mu 1947, ndipo mu 1949 ndondomeko ya chitukuko cha m'midzi idakhazikitsidwa ku Domasi, komwe kumadutsa mtsinje wothira m'nyanja ya Chilwa yomweyi. Ndondomeko ya boma yomwe ilipo lero idayamba mu 1986. Maphunziro ake ndi aulere, amatenga miyezi khumi, ndipo womaliza amayerekezedwa ndi wa Sitandade 4. Buku lake lodziwika ndi Chuma ndi Moyo, lomwe limaphunzitsa zilembo kudzera m'nkhani za ulimi, ukhondo, zakudya ndi za m'banja. M'makalasi ena mumaphunzitsidwanso Chingerezi kwa omwe adamaliza gawo la Chichewa.

Chodziwika kwa aliyense amene adasuzumirapo m'kalasi yotere n'choti ophunzira ambiri ndi amayi. Abambo amachita manyazi kukhala pamkeka umodzi ndi akazi awo kapena apongozi n'kumalephera kulemba "a" pabolodi. Koma manyazi si chifukwa chokhacho. Bambo yemwe mtima wake uli pa ulendo saona chomwe phunziro la chimbudzi cha ukhondo lingamuthandize. Phunzirolo ndi labwino ndithu, koma si limene likumusowetsa tulo.

Mphunzitsi wina wa ku Brazil, Paulo Freire, adaonetsa kale njira yothana ndi zotere. Iye ankayamba wamvetsera mawu omwe anthu amayankhula kwambiri pa ntchito ndi pa mavuto awo, kenako n'kuphwanya mawuwo m'maphatikizo ophunzitsira kuwerenga. Mu 1963 ku Angicos, anthu pafupifupi 300 adaphunzira kuwerenga ndi kulemba m'masabata owerengeka motsatira njirayi. Ndondomeko ya Reflect, yomwe bungwe la ActionAid lidayambitsa m'zaka za m'ma 1990 ndipo idafikanso kuno kwathu, idachokera pa maganizo omwewo.

Freire akadafika pa Jali kapena pa Kachulu sakadavutika kupeza mawu. Ulendo, malire, basi, tikiti, chidindo, ndalama, ngongole, kubwerera. Liwu loti "malire" lokha limapereka ma, li, re, ndipo wophunzira akadziwa banja la ma-me-mi-mo-mu ndi la-le-li-lo-lu walemba kale "malo", "mulu" ndi "lamulo". Kuchoka apo, kukambirana za lamulo la pamalire kumabwera kokha.

Phunziro loyamba liyenera kukhala dzina la mwini wake. Zimaoneka zazing'ono koma apa ndi pomwe ambiri amagwera. Kuyambira 2017 pomwe boma lidalembetsa anthu ziphaso za unzika, dzina lomwe lili pa chiphasocho ndi lomwe limatsatidwa kulikonse. Kudera komwe kuli Alhomwe, Ayawo ndi Anyanja, komwe munthu ali ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la kutchalitchi kapena kumzikiti ndi lina la kunyanja, mlembi amatha kulemba mosiyana ndi m'mene mwini wake amatchulira. Chilembo chimodzi chikasiyana pakati pa chiphaso ndi dzina lomwe wotumiza ndalama walemba pa Mukuru, mayi amabwerera chimanjamanja atalipira kale kabaza. Munthu wodziwa kuwerenga dzina lake amaona cholakwikacho asanachoke pa kauntala.

Lachiwiri ndi madeti, ndipo ili ndi lomwe lingapulumutse anthu ambiri. Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa popanda viza kwa masiku osapitirira 30, kukacheza osati kukagwira ntchito. Malamulo omwe dzikolo lidakhwimitsa mu 2014 amati wopitiriza masiku ake ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopitiriza kuposa apo amaletsedwa kwa zaka zisanu. Wogwidwa alibe mapepala oyenera amatha kukatsekeredwa ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kudikira kubwezedwa.

N'zoona kuti ambiri amapitiriza masiku mwadala chifukwa adapitira ntchito. Koma alipo amene amapita kukaona wodwala, kukatenga katundu wa malonda kapena ku maliro, n'kulakwa chifukwa chongolephera kuwerenga chidindo. Ku South Africa deti amailemba moyamba ndi chaka, kenako mwezi, tsiku pomalizira. Choncho 2025-03-04 ndi pa 4 Malichi, osati pa 3 Epulo. Mlangizi wokhala ndi kalendala yakale ya pakhoma ndi chithunzi cha chidindo angaphunzitse zimenezi masana awiri, ophunzira akuwerenga masiku 30 ndi chala.

Masamu nawo ali pomwepo. Kusintha randi kupita ku kwacha, kuchotsa ndalama yotumizira, kuwerengera ngongole ya transipota yemwe wakutenga pa chikhulupiriro choti ukalipira ukayamba ntchito. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Yemwe ankangodalira kuuzidwa kuti "randi ili pakuti" adali pa chifundo cha womuuzayo. Asodzi sagona pa masamu a pamtima, amadziwa kugawa phindu la khoka popanda cholembera. Chomwe akusowa ndi kuwaona masamu omwewo atalembedwa ndi munthu wina.

Ena anganene kuti masiku ano foni idathetsa zonse, poti pa WhatsApp munthu amangojambula mawu. Zimathandizadi. Koma uthenga woti ndalama zafika subwera ndi mawu, umabwera ndi zilembo ndi manambala. Mayi wosadziwa kuwerenga amapereka foni kwa wina, nthawi zina pamodzi ndi nambala yachinsinsi ya Airtel Money kapena Mpamba. Ndiye kuti phunziro la ulendo si la opita okha. Otsala pakhomo, omwe ndi amayi aja ali kale m'kalasi, nawonso ndi lawo.

Pali malire a zomwe miyezi khumi ingachite, ndipo tisanamizane. Mgwirizano wa ntchito ya kunja umalembedwa m'Chingerezi cha maloya, nthawi zina pambali pa Chiarabu kapena Chihebri. Ngakhale wa Fomu 4 umamuzunguza mutu. Pa 25 Novembala 2023 achinyamata 221 adanyamuka ulendo wokagwira ntchito m'minda ya ku Israel, ndipo mu Meyi 2024 anthu 12 adabwezedwa atapezeka kuti adachoka m'mindamo kukagwira ntchito zina, zomwe zidali zosemphana ndi ziphaso zawo. Mu Malichi 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi omwe adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman koma adakapezeka ali m'nyumba za anthu, atalandidwa mapasipoti, akugwira ntchito ngati akapolo. Oposa 50 adathandizidwa kubwerera. Ambiri mwa anthuwa adapitako kusukulu. Kudziwa kuwerenga pakokha sikudawateteze.

Komabe pali kusiyana pakati pa munthu yemwe pepala lonse ndi mdima ndi yemwe angathe kupezapo zinthu zinayi: dzina lake, dzina la dziko, nambala ya malipiro ndi kutalika kwa nthawi. Wachiwiriyu akaona kuti pakamwa amuuza chaka chimodzi koma papepala pali 24, amayamba kufunsa. Amathanso kulemba nambala ya foni ya kwawo ndi ya pasipoti yake pakapepala kosiyana n'kukasokerera m'chovala. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo kalasi yabwino imaphunzitsanso kuti pepala lotere upite nalo ku ofesi ya zantchito paboma usanasayine, komanso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2015 lothana ndi mchitidwe wozembetsa anthu.

Alipo omwe angadandaule kuti kuphunzitsa zotere n'kukankhira anyamata kunja. Dandauloli ndi losamveka kwenikweni. Anthu a ku Chilwa akhala akupita kuyambira nthawi ya Wenela, osadikira kalasi ya wina aliyense. Amapita ndi madobadoba omwe amawalembera mafomu pa mtengo wowonjezera pa wa boma, womwe mu 2024 udatsitsidwa kuchoka pa K90 000 kufika pa K50 000. Kalasi yokamba zoona za ulendo, kuphatikizapo zipolowe zothamangitsa alendo za mu 2008, 2015 ndi 2019, ikhoza kubweza ena m'malo mowatumiza.

Chovuta chenicheni ndi nthawi ndi malo. Msodzi sangabwere 2 koloko masana pomwe ali m'zimbowera. Nyengo yomwe nyanja imatsekedwa kuti nsomba ziswane, kuyambira mu Disembala, ndi yomwe abambo amapezeka kumtunda, ngakhale kuti ndi nthawinso yowokera mpunga ku Likangala. Makomiti a m'madoko, omwe amadziwa msodzi aliyense ndi dzina, angathandize kusankha maola, ndipo kalasi ya abambo okha pafupi ndi doko ingachotse manyazi aja. Alangizi a sukulu za kwacha ndi anthu ongodzipereka omwe amalandira kangachepe, kotero kuwasenzetsa phunziro latsopano popanda kuwaphunzitsa kaye kungakhale kuwalakwira.

Mudzi wofuna kalasi umayambira kwa nyakwawa ndi kwa mlangizi wa chitukuko cha m'midzi wa dera lawo, yemwe amalumikizana ndi ofesi ya chitukuko paboma ku Zomba. Zophunzitsira sizifunika kuchokera ku Lilongwe. Zili m'masutikesi ndi m'mabokosi a malata m'midzi momwemo: pasipoti yotha ntchito, tikiti yakale ya basi, lisiti ya ndalama, khadi ya kumgodi ya agogo. Pa Jali pali makina a fotokope. Chofunika n'kupempha mwini wake, kuphimba dzina ndi nambala, ndipo pepala lenilenilo libwerere m'bokosi tsiku lomwelo.