KUSIYA NCHITO YA PA ESITETI NDI KUYAMBA MUNDA WA TIYI

Pa Limbuli, m'boma la Mulanje, kufupi ndi malire a Muloza, alipo anthu ambiri amene akhala akuthyola tiyi pa maesiteti kwa zaka zambiri. Ena a iwo amatopa ndi nchito yolembedwa, nayamba kuganiza zolima tiyi waowao. Maganizo amenewa ndi abwino, koma pali cinthu cimodzi cimene munthu ayenera kudziwa asanatsazike kapitao wace: tiyi sabweza ndalama msanga. Mbande yobzalidwa caka cino iyamba kupatsa masamba ogulitsa patapita zaka ngati 3, ndipo zipitanso zaka zina isanafike pobereka kwambiri. Cifukwa cace munthu wofuna kusintha nchito ayenera kuyamba munda wace akali pa nchito.

Njira si yacilendo

Tiyi anafika ku Mulanje m'caka ca 1891, pamene Henry Brown anabzala mbeu zocokera ku Misyoni ya Blantyre pa esiteti ya Thornwood. Kwa zaka zambiri mbeu imeneyi inali ya makampani okha. M'caka ca 1967 Boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority kuti lithandize anthu a m'midzi kulima tiyi m'minda yao. Bungweli linatha m'caka ca 2002, ndipo pambuyo pace alimi anadzisonkhanitsa m'mabungwe ao, monga Sukambizi Association Trust amene agulitsa masamba ku Lujeri, ndi Eastern Outgrowers Trust amene agulitsa ku Eastern Produce. Tsono woyamba lero ali ndi anzace ambiri oti awafunse nzeru.

Nkhani ya malo

Cinthu coyamba ndico malo. Mtengo wa tiyi ukhoza kukhala m'munda zaka zoposa 50, motero subzalidwa pa munda wobwereka. Ku Mulanje mabanja ambiri ndi a cikamwini, ndipo munda uli wa kucikazi. Mwamuna ndi mkazi ayenera kukhala pansi pamodzi ndi eni mbumba, ndi kudziwitsanso a mfumu, kuti zimveke bwino kuti tiyiyo adzakhala wa yani. Milandu yambiri ya minda imabuka tiyi atayamba kulowetsa ndalama, pamene anthu sanapangane poyamba.

Ndiponso munda wonse usapite ku tiyi. Banja lisiye ndime ya cimanga, cinangwa, mbatata ndi nandolo, pakuti tiyi sadyedwa nsima.

Wogula apezeke msanga

Cinthu caciwiri ndico msika. Cimanga cikhoza kudikira m'nkhokwe kufikira mtengo utakwera pa msika wa Limbuli, koma masamba a tiyi sadikira. Ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo, cifukwa akacedwa amatentha m'thumba ndi kuonongeka. Tsono munthu asanakumbe dzenje ndi limodzi lomwe, apite ku bungwe la alimi a m'dera lace, akalembetse dzina, nadziwe malo oyezera masamba ndi masiku amene galimoto ifika. Afunsenso za nthawi ya malipiro, ndi za feteleza wa ngongole, amene mtengo wace ucotsedwa pa ndalama za masamba.

Mbande ndi kubzala

Cinthu cacitatu ndico mbande. Tiyi wa masiku ano acokera ku timitengo todulidwa pa mitengo yosankhidwa, ndipo mitundu yambiri inatulukira pa malo ofufuzira za tiyi ku Mimosa, m'boma lomweli. Mbande zikhala m'nazale caka cathunthu kapena kuposa, motero zifunika kuitanitsiratu. Mbande zotola pena paliponse zikhoza kutayitsa munthu zaka zambiri.

Nthawi yobzala ndi pamene mvula yakhazikika, m'mwezi wa December kapena January. Pa malo otsetsereka payambe pakonzedwa migula yocinga madzi. Mbande zikabzalidwa ziphimbiridwe ndi udzu, pakuti dzuwa la September ndi October ndilo limapha tiyi wamng'ono. Kuli bwino kuyamba ndi ndime yaing'ono imene banja likhoza kupalira madzulo ndi pa masiku opuma, ndi kuonjezako caka ndi caka.

Wothyola tiyi adziwa kale kutenga masamba awiri ndi nsonga, ndipo maso ace azindikira tsamba lokhwima. Koma pa esiteti ena ndiwo amene amaganiza za nazale, za feteleza ndi za nthawi yodulira mitengo. M'munda mwace adzaganiza yekha. Zaka zimene akali pa nchito ndiyo nthawi yace yoyang'anitsitsa ndi kufunsa alangizi.

Nthawi yotsazika

Akulu anati fodya wako ndiye ali pamphuno. Malipiro a pa esiteti, ngakhale ali ocepa, ndiwo adzagula sopo, mcere ndi makope a ana pamene tiyi akukula. Munthu asawataye kufikira munda utamlipira nyengo imodzi yathunthu, ndipo iye atalemba m'buku makilogalamu amene anagulitsa ndi ndalama zimene analandira mwezi ndi mwezi. Bukulo lidzamuonetsa kuti masamba acuruka kuyambira December kufikira April kapena May, koma m'cilimwe acepa kwambiri. Ndalama za m'dzinja ziyenera kudyetsa banja caka conse, kapena pakhale cina cothandizira, monga zinanazi, nkhuku kapena kageni ka pa msika.

Potsiriza, acoke bwino. Lamulo la za nchito la 2000 linena kuti wolandira malipiro pa mwezi apereke cidziwitso ca mwezi umodzi. Akumbukirenso kuti wosiya nchito mwa kufuna kwace salandira ndalama zimene zipatsidwa kwa anthu ocotsedwa cifukwa nchito yacepa. Afunse kwa kalaliki za penshoni yace, natenge kalata yosonyeza zaka zimene anagwira. Fakitale imene anaigwirira nchito mwina ndiyo imene idzagula masamba ace, motero kutsazika mwaulemu ndi gawo la ulimi womwewo.