Mawu Obwerekera pa Kapu ya Tiyi ku Ndirande

Kwathu ku Ndirande, madzulo a tsiku la Khirisimasi ndi a ana. Akadya mpunga wa nkhuku amavala zatsopano n'kumayendayenda mumsewu, aliyense kandalama kake m'manja. Chaka chatha achemwali anga adali pantchito tsiku limeneli, choncho mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri adatsala m'manja mwanga. Monga malume, ndidamulonjeza kuti tikamwa tiyi wa madzulo mutiyirumu ina pafupi ndi msika. M'nkhani ino ndifotokoza zimene ulendowu udandiphunzitsa pa za mawu obwerekera m'Chichewa.

Titangokhala pabenchi ndidaitanitsa tiyi wamkaka, makapu awiri. Mwanayo adandikoka malaya nanong'ona kuti, "Amalume, musanene choncho. Si tiyi, ndi tea. Kusukulu akamva amatiseka." Ndidaseka, koma mumtima zidandikhudza. Iye amaphunzira pasukulu ina yolipira pamene ana amaletsedwa kuyankhula Chichewa, ndipo wafika pokhulupirira kuti liwu loti tiyi ndi Chingerezi cholakwika. Funso ndi lakuti, kodi akulondola?

Poyamba tione kumene liwuli lidachokera. Angerezi nawo adachita kubwereka. Kwawo kwa chakumwachi ndi ku China, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja kuchigawo cha Fujian amati te. Amalonda a Chidatchi adatenga liwu limeneli n'kulifalitsa ku Ulaya, ndipo kwa Angerezi lidasanduka tea. Madera ena a China amati cha, ndipo n'chifukwa chake Apwitikizi, ngakhalenso abale athu a ku Mozambique poyankhula Chipwitikizi, amati chá, pamene Aswahili amati chai. Choncho ngati tiyi ndi Chingerezi cholakwika, ndiye kuti tea nayenso ndi Chitchaina cholakwika. Zoona zake n'zakuti chiyankhulo chilichonse chikalandira liwu lachilendo chimaliumba kuti ligwirizane ndi malamulo ake.

Malamulowo m'Chichewa ndi osavuta kuwaona. Loyamba ndi lakuti phatikizo limathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo opanda liwu ena sakhala moyandikana. Ndidauza mwanayo kuti atchule zonse zimene zidali patebulo. Adatchula kapu, supuni, buledi, sikono ndi ketulo. M'mawu onsewa Chichewa chidaonjezera malembo a liwu pamene Chingerezi chilibe: bread adasanduka bu-le-di, scone adasanduka si-ko-no, cup adasanduka ka-pu. Lamulo lachiwiri ndi lakuti Chichewa sichikonda mayina ndi aneni a phatikizo limodzi. N'chifukwa chake polamula timati "imwa" kapena "idya", osati "mwa" kapena "dya". Liwu loti tea lili ndi phatikizo limodzi lokha, ndiye Chichewa chidalitalikitsa kukhala ti-yi. Munthu amene adayamba kunena kuti tiyi sadalephere Chingerezi ayi, koma ankatsata bwino Chichewa.

Liwu likalowa limapatsidwanso gulu la mayina. Timati "tiyi wotentha", "shuga wambiri", "buledi wadzulo", kusonyeza kuti mayinawa amatenga agwirizanitsi a gulu la Mu-A, monga amachitira fodya ndi galu. Koma timati "kapu yanga", "supuni yaing'ono", ndipo pochulukitsa timati makapu, masupuni. Tikafuna kuchepetsa timati katiyi, monga mayi amanenera kwa mlendo kuti, "Dikirani katiyi kaye." Palibe adakhala pansi kugawa magulu amenewa. Eni chiyankhulo adangogwirizana poyankhula tsiku ndi tsiku.

Mayi wogulitsa atabweretsa tiyi adafunsa kuti, "Nanga chomwera, achimwene?" Liwu limeneli ndi lathulathu. Lachokera ku mneni kumwa, amene walandira msintho wa -er- wosonyeza chinthu chimene tikuchitira ntchitoyo. Chomwera chikhoza kukhala mandasi, zitumbuwa, chigumu, mbatata kapena chinangwa chophika. Chingerezi chilibe liwu limodzi lonena zonsezi. Apa ndidaona kuti sitidangobwereka chakumwa ndi dzina lake basi, koma tidachimangira mawu athu ndi chizolowezi chathu. Ngakhale buledi tidamutcha mayina: mabanzi aakulu aja adatchuka ndi dzina loti Obama, Barack Obama atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa America mu 2008. Mwanayo adasankha zitumbuwa ziwiri ndi sikono imodzi, nanena kuti ya Khirisimasi iyenera kupakidwa majarini mbali zonse.

Mwambo wakumwa tiyi madzulo ndi timakeke udatchuka ku England cha m'ma 1840, ndipo anthu amautchula pamodzi ndi dzina la Anna, mkazi wa Duke wa ku Bedford. Udali mwambo wa anthu olemera, ndipo m'mahotela ena udakalipo. Komatu masamba amene amamwedwa kumeneko ena amachokera kwathu kuno. Mbewu ya tiyi idayesedwa koyamba pa Blantyre Mission mu 1878, pamalo pomwe pali tchalitchi cha St Michael and All Angels. Mu 1891 Henry Brown adayamba kudzala tiyi ku Mulanje, ndipo pambuyo pake minda idafalikira ku Thyolo, kumene esiteti ya Satemwa idakhazikitsidwa mu 1923. Tiyi wambiri wa m'dziko muno amapita kunja, ndipo wina amagulitsidwa pamsika wa ku Limbe. Masamba amaphuka kwambiri nyengo ya mvula, kotero kuti pamene ife tikusangalala pa Khirisimasi, othyola tiyi amakhala ali pakalikiliki m'minda.

Agogo a mwanayu, omwe ndi mayi anga, adathyolako tiyi ku Thyolo asadasamukire mumzinda. Ndidamuuza zimenezi, ndipo adandifunsa kuti, "Ndiye agogo amati chiyani, tiyi kapena tea?" Nditayankha kuti amati tiyi, adakhala chete akuvundula shuga. Kenaka adati, "Ndiye kuti iwowo ndi amene akudziwa, poti ankathyola okha."

Sindikunena kuti mwana asaphunzire Chingerezi. Mu 2014 boma lidalamula kuti ana aziphunzitsidwa m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo adzachifuna pamayeso ndi pantchito. Vuto limabwera pamene mwana ayamba kuchita manyazi ndi mawu a agogo ake. Mwana wotere akapita kumudzi amakhala duu, ndipo nthano, miyambi ndi mbiri ya banja zimamudutsa. Chofunika n'chakuti adziwe kuti tea ndi liwu lolondola m'Chingerezi, ndipo tiyi ndi liwu lolondola m'Chichewa. Aphunzitsi angathandize pogwiritsa ntchito mawu obwerekera ngati amenewa poonetsa ana kusiyana kwa ziyankhulo ziwirizi, m'malo mowaseka.

Pomaliza, ndinene kuti kapu yoyamba itatha mwanayo adapempha ina. Ndidamuuza kuti aitanitse yekha. Adaimirira, nakonza diresi lake latsopano, napita kwa mayi aja n'kunena kuti, "Mayi, mutionjezereko tiyi wamkaka, ndi chitumbuwa chimodzi cha agogo." Chitumbuwacho adachikulunga m'pepala, ndipo tidanyamuka mofulumira chifukwa mvula idali itayamba kuderuka kuphiri la Ndirande.