Dothi la Binti ndi Tsitsi la Zélie

Alembi awiri obadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria atipatsa atsikana awiri amene okonda nkhani zopeka sakuleka kuwatchula. Nnedi Okorafor, mwana wa Aigbo, adatulutsa Binti mu 2015, kabuku ka masamba osakwana 100 komwe kadapata mphoto za Hugo ndi Nebula. Tomi Adeyemi, mwana wa Ayoruba, adabwera mu 2018 ndi Children of Blood and Bone, chibuku cha masamba oposa 500. Loyambalo ndi la sayansi ndi maulendo a mlengalenga, lachiwirilo ndi la matsenga. Koma onse awiri mtima wawo uli pa chinthu chimodzi: zimene mwana amachita ndi chuma cha makolo ake.

Binti ndi mtsikana wa zaka 16 wa mtundu wa Ahimba, anthu enieni okhala kumpoto kwa Namibia. Ndi katswiri wa masamu, ndipo ndiye woyamba mwa anthu ake kusankhidwira ku yunivesite ya Oomza, yomwe ili kudziko lina kutali ndi dziko lathu lino. Amathawa kwawo mwakachetechete, osatsanzika, atatenga botolo la otjize, dothi lofiira losakaniza ndi mafuta lomwe amayi achihimba amadzola pakhungu ndi m'tsitsi. Pamalo okwerera chombo anthu ena amamugwira tsitsi ndi kumunyogodola. Ulendo uli mkati, zolengedwa zotchedwa Meduse zimalowa m'chombomo ndi kupha pafupifupi onse. Binti amapulumuka, ndipo pang'onopang'ono zimadziwika kuti dothi lonyozeka lija limapoletsa mabala a adaniwo.

Zélie Adebola iye sathawa kwawo. Kwawoko ndiko kudalandidwa iye ali pomwepo. M'dziko la Orïsha, mfumu Saran idapha onse odziwa matsenga usiku umodzi, kuphatikizapo mayi ake a Zélie. Padutsa zaka 11, koma ana a ophedwawo akudziwikabe ndi tsitsi lawo loyera, ndipo chifukwa cha tsitsilo amakhometsedwa msonkho wolemera, kutukwanidwa ndi kugwiritsidwa ntchito yaukapolo. Mwana wamkazi wa mfumu, Amari, akathawa kunyumba yachifumu ndi mpukutu wotha kudzutsa matsenga, Zélie amauyamba ulendo wokabweza zimene zidabedwa.

Apa ndi pamene mabukuwa akusiyanirana. Kwa Okorafor, mwambo ndi katundu woti munthu asenze popita kutsogolo. Binti sataya dothi lake kuti afanane ndi ophunzira anzake, komanso sabwerera kwawo kuti alisunge. Amalitenga, kenako amaphunzira kupanga lina ndi dothi la dziko lachilendolo. Kwa Adeyemi, mwambo ndi chuma cholandidwa ndi lupanga, ndipo sungabwerere popanda kumenyera. Iye mwini adafotokoza kuti polemba bukuli mtima wake unali pa anthu akuda ophedwa ndi apolisi ku America. Mkwiyo umenewu umamveka tsamba ndi tsamba. Mlandu suwola, ndipo Zélie ndiye mwana amene wakana kuti wa mayi ake uiwalike.

Amasiyananso pa kaonedwe ka mdani. Binti amakhala pansi ndi amene apha anzake mpaka amamva chimene chawakwiyitsa: akatswiri a ku Oomza adaba mbola ya mfumu yawo ndi kuiika m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Aliyense wodziwa za zinthu za ku Benin zimene asilikali a Britain adafunkha mu 1897 sangavutike kumva tanthauzo lake. Binti amakhala mkhalapakati, mbolayo imabwezedwa, nkhondo imapewedwa. Adeyemi naye samupanga mdani kukhala chilombo chabe. Nkhani yake imasimbidwa ndi anthu atatu mosinthana, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Inan, mwana wa mfumu yankhanzayo, yemwe amadzazindikira kuti m'thupi mwake muli matsenga omwewo amene adaphunzitsidwa kudana nawo. Komabe ku Orïsha kumvetsana sikuletsa magazi kukhetsedwa.

Lililonse lili ndi pomwe likutsimphina. Mu Binti mtendere ukufika msanga kwambiri. Anthu ambirimbiri aphedwa, koma mmodzi wa akuphawo, Okwu, akulandiridwa ngati wophunzira maliro asanalilidwe n'komwe. Okorafor adadzabwerera ku bala limeneli m'mabuku otsatira a 2017 ndi 2018, momwe Binti amavutika ndi zimene adaona. Mwa Adeyemi, njira ya ulendo ndi yozolowereka, kusaka zinthu zitatu zopatulika tsiku loikika lisanakwane, ndipo chikondi cha Zélie ndi Inan chimaphuka mothamanga kuposa momwe mtima wa mwana wamasiye ungalolere. Koma liwiro lomwelo ndilo limamugoneka mochedwa wowerenga wachinyamata.

Ntchito za alembi onse awiri zikupitirirabe. Adeyemi adatseka mndandanda wake ndi buku lachitatu mu 2024, ndipo filimu ya buku loyamba, momwe Thuso Mbedu wa ku South Africa akusewera ngati Zélie, ikuyembekezeka mu 2027. Okorafor adatulutsa Death of the Author mu 2025, buku la mlembi wolumala amene amatchuka polemba za maloboti.

Mwana amene akufuna nkhani yomuthamangitsa mtima, ndimamupatsa Zélie. Koma amene wasankhidwira sukulu yakutali, woyamba m'banja mwawo, amene akuopa kuti anzake adzamuseka kalankhulidwe ndi kamba wa m'chikwama chake, ndimamupatsa Binti. Bukulo amalitsiriza asanatsike basi, ndipo amatsika atadziwa kuti zimene wanyamula kumudzi si zobisa.