Kufulumiza jakisoni wa ziwengo kumafupikitsa chiyani?

Ife madokotala a ziwengo timathandiza odwala chimfine cha mungu ndi mphumu m'njira imene ambiri amadabwa nayo: timawabaya chinthu chomwe chimawadwalitsacho, kaya mungu wa udzu kaya tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba. Timayamba ndi kamlingo kochepetsetsa, n'kumaonjezera mpaka thupi litazolowera. Likatero limapanga asilikali a IgG4, amene amatchinga a IgE, oyambitsa kuyetsemula ndi kubanika. Njirayi anaiyambitsa ndi Leonard Noon ndi John Freeman ku St Mary's Hospital, London, mu 1911. Chovuta chake n'chakuti wodwala amabwera kuchipatala sabata iliyonse kwa miyezi 3 mpaka 6 asanafike pa mlingo wokwanira, ndipo ena amalekera panjira.

Njira zofulumira zinabwera kudzachepetsa maulendo amenewa. Ya "rush", imene Freeman anaifotokoza mu 1930, imafikitsa munthu pa mlingowo m'tsiku limodzi mpaka atatu. Pa ya "cluster" wodwala amalandira majakisoni awiri kapena atatu pa ulendo umodzi, ndipo amafika m'masabata 4 mpaka 8. Otsutsa amati uku n'kuika moyo pachiswe, ndipo sakulankhula zopanda mutu: "rush" imadzutsa ziwengo za thupi lonse kawirikawiri kuposa njira yapang'onopang'ono. Koma tikayang'ana imfa zimene zinachititsa Britain kukhwimitsa malamulo a jakisoniyu mu 1986, zambiri zinali za odwala mphumu obayidwa kumalo kopanda zida zotsitsimutsira munthu. Ngoziyo imachepa posankha bwino wodwala: wa mphumu yosagonja ku mankhwala sitimubaya, enawo timayamba tawapatsa antihistamine, timawayang'anira kwa mphindi zosachepera 30, adrenaline ali pafupi.

Chimene ndimakana ndi maganizo akuti kufulumira kumafupikitsa chithandizo chonse. Chimene chimafupika ndi chiyambi chokha. Akafika pa mlingo wokwanira, wodwala amabayidwabe pafupifupi mwezi uliwonse kwa zaka 3 mpaka 5. Kafukufuku wa Stephen Durham ndi anzake wa mu 1999 anasonyeza kuti amene analandira jakisoni wa mungu wa udzu kwa zaka 3 kapena 4 anapitiriza kupeza bwino zaka 3 atasiya. Phindu lokhalitsali limachokera m'zakazo. Choncho njira yofulumira ndi ya munthu amene akulephera maulendo a sabata ndi sabata, koma wokonzeka kupirira zaka zotsatirazo.