ZIMBALE ZA KANEMA NAZO ZIMAFUMBWA

Mlimi wa ku Petauke, Katete kapena Lundazi amene afika pa msika wa Soweto mu Lusaka ndi matumba a nshawa kapena mabokosi a matimati, sabwerera kumudzi cimanjamanja. Akagulitsa zokolola zace amagula sopo, mcere, citenje ca amai kunyumba ndi nsapato za ana a sukulu. Kwa zaka zambiri pa katundu ameneyu panali kukhalanso kanthu kena kopepuka, kozungulira ndi konyezimira: cimbale ca kanema cochedwa DVD. Zimbalezi zinali kuyalidwa pa matebulo ndi pa masaka kuyambira pa Soweto kufikira ku City Market ndi m'mbali mwa mseu wa Lumumba, ndipo mabasi oyenda mu Great East Road anali kuzifikitsa m'midzi ya kutali.

Anthu ambiri, a kumidzi ndi a m'tauni omwe, anali kukhulupirira kuti cimbale sicifa. Anali kunena kuti tepi imatafunidwa ndi makina, koma cimbale cikapanda kukalika cidzaonedwa ndi adzukulu. Zimene zinacitika ku America mu 2025 zinasonyeza kuti maganizo amenewa ngolakwa. Nkhaniyi inacitikira kutali, komabe ikhudza banja liri lonse limene linasunga ukwati, maliro kapena nyimbo za kwaya pa cimbale.

UTHENGA WA KAMPANI

Warner Bros. ndi imodzi mwa makampani akulu opanga mafilimu pa dziko lapansi. Inakhazikitsidwa mu 1923, ndipo anthu a m'Zambia amaidziwa cifukwa ca mafilimu monga Enter the Dragon ya Bruce Lee ya mu 1973 ndi Superman ya mu 1978. Kampaniyi iri ndi nthambi yace yogulitsa zimbale kwa anthu ofuna kuonera mafilimu kunyumba.

Kuciyambi kwa caka ca 2025, mlembi wa nkhani za mafilimu, a Chris Bumbray, anadandaula poyera kuti zimbale zao zina za kampaniyi zaleka kugwira nchito. Zimbalezo zinali zosungidwa bwino m'zikwama zace, zopanda cipsera ciri conse, koma poziika m'makina filimu inali kuima pakati osapitirira. M'mwezi wa March caka comweco kampani inayankha. Inabvomera kuti ikudziwa za bvuto lopezeka pa zimbale zina zimene zinapangidwa pakati pa 2006 ndi 2008. Inanena kuti munthu wokhala ndi cimbale coonongeka adzapatsidwa cina ca filimu yomweyo ngati ciripo. Koma inaonjeza kuti mafilimu ena sasindikizidwanso, ndipo ena kampani iribenso cilolezo coagulitsa. Pa amenewo wogula adzalandira filimu ina ya mtengo wofanana.

OSONKHANITSA AGAWANIKA

M'maiko ambiri muli anthu amene amasonkhanitsa mafilimu monga momwe ena amasonkhanitsira mabuku. Ena a iwo ali ndi zimbale mazanamazana zondandalikidwa m'mashelefu. Anthu amenewa ndiwo anakhudzidwa kopambana, ndipo sanalandire uthengawo ndi mtima umodzi.

Ena anayamikira. Anati si kawirikawiri kuti kampani yaikulu ibvomere colakwa pa katundu amene inagulitsa zaka zoposa 15 zapitazo, nthawi ya citsimikizo itatha kalekale. Kwa iwo, kubvomera kokhako kunali ulemu kwa wogula.

Koma ena anali ndi madandaulo atatu. Loyamba linali lakuti uthengawo unafika mocedwa. Osonkhanitsa anali atakamba za zimbale zowolazi kwa zaka zingapo, koma kampani inalankhula poyera pokhapokha nkhani itafika kwa atolankhani. Laciwiri linali lakuti kampani sinatulutse mndandanda wa mafilimu okhudzidwa. Cotero munthu wa zimbale zambiri anafunika kuonera cimodzi ndi cimodzi, kuyambira poyamba mpaka pothera, kuti adziwe camoyo ndi cakufa. Osonkhanitsawo anayamba kulemba mndandanda wao okha. Poyerekeza timalemba tating'ono topezeka pafupi ndi cibowo ca pakati pa cimbale, ambiri a iwo anafika pokhulupirira kuti zimbale zoipazo zinacokera ku fakitale imodzi ya kampani ya Cinram, m'tauni ya Olyphant ku Pennsylvania.

Dandaulo lacitatu ndilo linali lolemera. Kodi filimu ya mtengo wofanana n'ciani? Munthu amene anagula filimu yakale ya Humphrey Bogart cifukwa coikonda, sangatonthozedwe ndi filimu ina iri yonse cifukwa cakuti mitengo yace njofanana. Mlimi amvetsa bwino mau amenewa. Ngati munthu abwereka ng'ombe yolima imene mwini wace anaiphunzitsa yekha, n'kuitaya, ndiyeno n'kubweza ng'ombe ina yosadziwa goli, mlandu ungathe pa bwalo koma mtima wa mwini ng'ombe sukhala pansi.

CIMENE CIMAWOLETSA CIMBALE

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Cimbale ca DVD cimaoneka ngati cinthu cimodzi colimba, koma ndi mapulasitiki awiri opyapyala, iri yonse yocindikala mamilimita 0.6, omatidwa pamodzi ndi guluu. Pakati pace pali kansalu ka citsulo kopyapyala koposa, kamene kamabweza kuwala kwa makina oonetsera. Ngati guluu anali wosayenera, kapena kumata sikunacitike bwino ku fakitale, mpweya ndi cinyontho zimalowa pang'onopang'ono ndi kudya citsuloco. Kunja cimbale cingaoneke cabwino pamene m'kati catha.

Zimbale zambiri za mafilimu atali ziri ndi miyalo iwiri ya zithunzi, wina pamwamba pa unzace. Makina akatsiriza kuwerenga woyamba amalumphira pa waciwiri, ndipo zimenezi zimacitika capakati pa filimu. N'cifukwa cace zimbale zodwala zambiri zimayamba bwino, n'kudzaima nkhani itafika pokoma.

Pali mtundu winanso wa cimbale, wochedwa DVD-R, umene munthu ali yense wokhala ndi kompyuta angathe kulembapo. Umadziwika ndi kunsi kwace kwa mtundu wofiirira ngati maluwa a jakaranda. Pa cimbale cotere zithunzi sizidindidwa ndi makina a fakitale, koma zimaochedwa pa utoto wapadera, ndipo utoto umenewu umafooka ndi dzuwa ndi kutentha. Zimbale zambiri zochipa za pa misika nza mtundu umenewu. Zimbale za maukwati, za makwaya ndi za miyambo zimene anyamata ojambula amapereka kwa eni mwambo nazonso nzomwezo.

WOGULA PA SOWETO ADANDAULA KWA YANI?

Apa mpamene nkhani ya ku America ikumana ndi ya kuno. Wosonkhanitsa wa kunja, ngakhale anakwiya, anali ndi khomo logogodapo, popeza cimbale cace cinali ndi dzina la mwini wace. M'nyumba zina za ku Kabulonga ndi Woodlands, ndiponso za ku Kabwata ndi Chelstone, mungapezeke zimbale zenizeni zotere zimene zinabwera ndi abale ocokera kunja kapena zinagulidwa m'masitolo akulu. Eni ace angacite bwino kuyang'ana caka cosindikizidwa kumbuyo kwa cikwama, ndi kuyesa zimene ziri ndi dzina la Warner ndi zaka za 2006 mpaka 2008.

Koma mlimi amene anagula cimbale cokopedwa mwakuba pa thebulo la m'mbali mwa mseu alibe kolowera. Cimbaleco ciribe dzina la wocipanga, ciribe risiti, ndipo wogulitsa mawa adzakhala atasamukira pena. Akafika naco kumudzi, ulendo wa makilomita mazana angapo, n'kupeza kuti cikukana, ndalama yapita. Amene aluza si wogula yekha. Woimba ndi wopanga masewero wa m'Zambia, amene anataya thukuta ndi cuma pa nchito yace, salandira ngakhale ngwee imodzi pa cimbale cokopedwa.

Boma linayesa kutseka mpata umenewu. Lamulo loteteza eni nyimbo, mabuku ndi mafilimu la mu 1994 linakonzedwanso mu 2010, ndipo mu 2013 kunayambitsidwa cidindo conyezimira cochedwa hologram, comatidwa pa zimbale zenizeni kuti wogula athe kusiyanitsa cenicheni ndi cakuba.

Mu 2010 momwemo Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo loteteza ogula, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, mwacidule CCPC. Lamuloli limaletsa kugulitsa katundu woonongeka, ndipo limapatsa bungweli mphamvu yolamula wogulitsa kubweza ndalama kapena kupereka katundu wina wabwino. Limaletsanso mwini sitolo kupacika cikwangwani cokana kulandira katundu wobwezedwa kapena kubweza ndalama. Anthu ambiri a kumidzi akaona cikwangwani cotere amabwerera cete, poganiza kuti ndilo lamulo, pamene cikwangwanico ndico cikuswa lamulo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Osonkhanitsa a ku America anayankhidwa cifukwa sanaleke kulankhula, ndipo anasunga umboni. Wogula wa kuno nayenso ayenera kupempha risiti pa katundu ali yense, kaya ndi cimbale, wailesi, foni kapena batire ya sola, ndi kuisunga pamalo abwino.

CUMA CIMENE SITOLO SINGABWEZE

Filimu ya Bruce Lee ikafa pa cimbale, munthu angathe kuipezanso kwina. Masiku ano acinyamata ambiri amaika mafilimu pa mafoni ndi pa timakhadi tosungira zinthu, ndipo malonda a zimbale acepa. Koma pali zithunzi zina zimene palibe kampani pa dziko lapansi imene ingabweze.

M'masutikesi ndi m'makabati a m'midzi muli zimbale za ukwati wa mwana woyamba, za maliro a agogo, za tsiku lotsegula chalichi, za kwaya imene theka la oimba ace anamwalira. Muli zithunzi za Nc'wala ya ku Mtenguleni, za Kulamba ku Mkaika ndi za Tuwimba ya Ansenga, zojambulidwa ndi anthu wamba, momwe muoneka nkhope za mafumu ndi nkhalamba zimene kulibenso. Kawirikawiri cimbale cotere cimakhala cimodzi cokha. Wojambula anafafaniza kale zace kuti apeze malo a nchito yatsopano. Cimbaleco cikafa, mau a agogo afa kaciwiri.

Matepi a vidiyo ali pa ngozi yoposa. Tepi imacita nkhungu m'nyengo ya dzinja, ndiponso makina oionetsera akusowa. Kampani ya Funai ya ku Japan, imene inali yotsiriza yodziwika kupanga makina a VHS, inaleka nchitoyi mu 2016. Makina amene atsala ngakale, ndipo akaonongeka zipangizo zace zimabvuta kupeza.

KUYENDERA NKHOKWE

Mlimi wanzeru sakhulupirira nkhokwe cifukwa cakuti denga lace likuoneka bwino. Amatsegula, napisa dzanja, naona ngati afumbwe alowa. Zimbale zifunika cisamaliro comweco, ndipo njira zace sizifuna ndalama zambiri.

Coyamba ndi kuonera cimbale ciri conse cofunika kufikira kumapeto, kamodzi pa caka. Cimene cayamba kudodoma kapena kudumpha ciyenera kukopedwa msanga cisanatheretu.

Caciwiri ndi kukopa. Anyamata a makompyuta opezeka pa Soweto, ku Chipata, ku Katete ndi m'matauni ena a maboma amatha kusamutsa zithunzi za banja kucoka pa cimbale kupita pa fulashi kapena pa kakhadi. Kukopa ukwati kapena mwambo wa banja lako si kuba. Koma fulashi nayo imafa ndi kutayika, cotero ndi bwino kukhala ndi makope awiri kapena atatu, ndi kusungitsa imodzi kwa mbale wokhala mudzi wina. Mbeu yosungidwa m'nyumba imodzi imapsa pamodzi ndi nyumbayo.

Cacitatu ndi kasungidwe. Cimbale cikhale m'cikwama cace, coimiritsidwa, pamalo ozizira ndi ouma, kutali ndi zenera, ndi moto, ndi denga la malata. Cigwiridwe m'mbali, osati pamimba. Pocipukuta, nsalu ikhale yofewa, ndipo dzanja liyende kucokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Colembera ca nsonga yolimba cisakhudze cimbale.

Cacinai cikhudza mafumu, akulu a mipingo ndi aphunzitsi akulu. Zithunzi za miyambo ndi za zocitika zazikulu za m'dera si za banja limodzi. Ndi mbiri ya mtundu. Nkoyenera kuti pa likulu la mfumu, pa mishoni kapena pa sukulu pakhale munthu wosankhidwa wosonkhanitsa makope a zithunzi zotere, nalemba m'buku caka, malo ndi maina a anthu ooneka m'menemo, akali moyo amene angathe kuwazindikira.

Kampani ya Warner Bros., ndi cuma cace conse, inalephera kulonjeza ogula ace kuti filimu iri yonse yotayika idzabwezedwa. Banja la kumudzi liribe kampani yolilembera kalata. Nchito yopulumutsa zithunzi zace iri m'manja mwa eni ace, ndipo nthawi yabwino yotsegula sutikesi ija ndi ino, mvula isanagwe ndi kubweretsa cinyontho cina.